Silvestre ndi Kang'anjo Kake

Ku Moatize, kuseri kwa milu ya malasha, kunali kanyumba ka njerwa kopanda kanzake pafupi. Anakamangira patali dala, chifukwa ntchito ya m'menemo inali ya moto, ndipo akuluakulu a mgodi ankaopa kuti tsiku lina ingadzawotchetse maofesi. M'kanyumba kameneko ndi mmene Silvestre Fulede anathera zaka makumi atatu za moyo wake.

Poyamba ankagwira ntchito pansi, kukankha ngolo za malasha, mpaka mwala unamugwera pantchafu n'kumusiya akutsimphina. Atatuluka m'chipatala mu 1980, kapitawo anamufunsa ngati amadziwa kuwerenga wotchi. Atavomera, anamutumiza kwa mayi wina wa ku Jeremani amene anabwera ndi anzake kudzathandiza pamgodipo. Dzina lawo lenileni linkavuta pakamwa, ndiye aliyense ankangoti Dona Irma.

Dona Irma sanamufunse za sukulu. Anamukhazika pampando, namuuza kuti ayang'ane wotchi ya pakhoma ndipo azigogoda patebulo mphindi iliyonse ikakwana. Iwo anatuluka. Atabwerako patatha ola ndi theka, anamupeza akugogodabe.

"Anzako atatu ndinawapeza akuwodzera," anatero m'Chipwitikizi chawo chopotoka. "Iwe uli ndi anthu ocheza nawo masana?"

"Alipo, Dona."

"Ukawatsanzike."

Zida za ntchitoyo zinali zochepa. Panali kang'anjo ka magetsi kotalika ngati mkono, ndipo pamwamba pake panali sikelo yotsekeredwa m'galasi. Pasikelopo pankalendewera kawaya kolowa m'kang'anjomo, ndipo kunsonga kwake kunali kambale kakang'ono ngati chitsekero cha botolo. M'kambalemo ankaikamo ufa wa malasha, wochepa kuposa mchere wothira m'ndiwo. Kenako ankayatsa, n'kumakweza kutentha popotokola kachitsulo ndi dzanja, digiri imodzi pa mphindi, osapitirira komanso osatsalira. Mphindi iliyonse ankalemba zinthu ziwiri: kutentha, ndi kulemera kwa ufawo.

Malasha ali ndi khalidwe lake. Akayamba kufunda amapepuka, chifukwa madzi akuchokamo. Kenako amalemerako pang'ono, chifukwa akumwa mpweya, ndipo apa ndi pamene amayamba kudzitenthetsa okha. Pomaliza amagwira moto, sikelo n'kutsika msangamsanga.

Koma kuyesa kamodzi sikunkanena kanthu. Ufa womwewo ankauyesa kanayi: lero digiri imodzi pa mphindi, mawa awiri, mkucha asanu, kenako khumi. Ukakweza moto mothamanga malasha amatsalira m'mbuyo, ndipo kusintha kuja kumaoneka kutentha kutakwera kale. Nkhani yonse inagona pa kutsalirako. Dona Irma ankatenga malo anayi amene ufawo wayambira kuyaka, n'kuwerengetsa, n'kuika timadontho tinayi papepala la mizeremizere, kenako n'kutilumikiza ndi rula. Kupendekeka kwa mzerewo kunkawauza ngati malashawo ali a mtima wapachala kapena odekha. Kuchokera pamenepo ankatha kunena kuti mulu wa malasha otere, utasiyidwa padzuwa la ku Tete, ungathe masabata angati usanayambe kufuka wokha.

Kuyesa kwa digiri imodzi kunkatenga maola asanu ndi awiri, ndipo munthu sankachokapo. Belu la nkhomaliro likalira, Silvestre ankadya chinangwa chophika ndi dzanja lamanzere, pensulo ili kumanja. Anzake a pansi aja ankabwera pawindo kudzamuseka.

"Dotolo, mwaphika chiyani lero?"

"Dikirani," ankayankha maso ali pawotchi.

"Nanga chipsa liti, tilaweko?"

"Dikirani."

Dzinalo linamukakamira, mgodi wonse unkamutcha Dikirani. Patapita nthawi anzakewo anatopa kulankhula ndi msana wa munthu, ndipo ankangomukwezera dzanja ali patali.

Tsiku loyamba la ntchito chaka chilichonse Dona Irma sankayesa malasha. Ankatulutsa kabotolo ka timibulu ta mtovu weniweni, wosasakaniza ndi chitsulo china, n'kusungunula kamodzi m'kang'anjomo akusuzumira pakabowo. Mtovu wotere umasungunuka pa madigiri 327, kaya ku Jeremani kaya ku Moatize. Waya woyezera kutentha ukanena zina, ndiye kuti wayamba kukalamba, ndipo kusiyanako ankakulemba patsamba loyamba la buku la chakacho.

"Wayayu amanama pang'onopang'ono ngati mwamuna wapabanja," ankatero. "Uzimufunsa chaka ndi chaka."

Nkhondo itadula njanji ya ku Beira, malasha anasowa kopita. Milu inakula mpaka kubisa dzuwa la m'mawa pakanyumbapo, ndipo ina inayamba kufuka. Kwa zaka ziwiri ntchito ya awiriwa inali yofunika pamgodi wonse, chifukwa ndiwo ankanena mulu woyamba kuusalaza usanayake. Akuluakulu ankabwera okha pakhomo, n'kuima panja mpaka mphindi ikwane. Silvestre ankaikumbuka nyengo imeneyo ngati yabwino, ngakhale inali ya njala.

Mu 1985 azungu aja anaitanidwa kwawo. Dona Irma anali atamuphunzitsa kale masamu a mzere uja, mothandizidwa ndi buku la manambala lothothoka chikuto. Anamusiyira makiyi, katoni ya mabuku osalembamo, ndi kabotolo ka mtovu.

"Zinthu zikakhala bwino ndibweranso," anatero. "Usasiye kulemba."

Sanabwerenso. Kalata inafika imodzi yokha, ya Khirisimasi, koma inamupeza mu Epulo.

Nthawi imeneyo n'kuti Silvestre atakwatira Joaquina, mkazi wa ku Angonia wosabisa mawu, ndipo anali ndi mwana mmodzi, Celina. Chakumapeto kwa 1987 mfuti zinayamba kumveka pafupi, ndipo anthu a m'dera lawo anayamba kuthawira ku Malawi. Joaquina anamanga katundu.

"Tiyeni, bambo a Celina. Malasha a eniake akapsa apse."

"Nanga makiyi ndisiyira ndani?"

"Kaponyeni m'chimbudzi. Amene anakupatsaniwo ali kwawo, akudya buledi wopaka."

"Tsogolani inu. Ndimalize mulu wa kumpoto, ndikupezani."

"Mwauyesa kangati?"

"Kawiri."

"Ndiye kwatsala kawiri. Mukamaliza umenewo pabwera wina. Ndakhala nanu zaka zisanu ndi chimodzi ine, musandiyese mlendo."

Ndowa yawo inali yodontha, ndipo ulendo wautali ndi mwana sukanatheka popanda chotungira madzi. Wokhoma zidebe anati mtovu womatira unatha kalekale m'tauni monse. Silvestre anapita ku kanyumba kuja, natenga kabotolo, nakhuthulira timibulu tonse m'dzanja la wokhomayo. Ndowa inamatika. Silvestre anaperekeza mkazi wake ndi mwana mpaka pamsewu wopita kumalire ku Zobue, pamene magalimoto ankanyamukira pamzere asilikali ali patsogolo. Celina, wa zaka zinayi, anakana kumutsanzika chifukwa ankaganiza kuti bambo ake akwera nawo.

Mulu wa kumpoto anaumaliza Lachisanu. Lolemba anayamba wina. Mumtima mwake sankaona ngati wasankha kanthu, ankangoti awatsatira mwezi wamawa. Nkhondo itatha, anthu akubwerera, anamva kwa mlamu wake kuti Joaquina wapita kwawo ku Angonia ndi mwamuna wina amene anakumana naye kumsasa wa othawa nkhondo, ndipo ali ndi ana ena awiri. Silvestre sanakalimbane ndi munthu. Anatumiza nsalu ndi nsapato za Celina, koma msinkhu anangouyerekeza, ndipo pambuyo pake mlamuyo anamuuza kuti nsapatozo zinamuchepa, anavala ndi mng'ono wake. Mwana wakeyo anadzamuonanso kawiri kokha, konse pamaliro. Celina anagwada bwinobwino pomupatsa moni, koma anamutchula kuti a Fulede.

Zaka zotsatirazo mgodi unali wosafa komanso wosakhala moyo. Ankakumba pang'ono, kugulitsa kwa owotcha njerwa ndi ochiza fodya. Palibe anamuuza Silvestre kuti asiye, palibenso anamuuza kuti apitirize. Lolemba lililonse ankatenga fosholo ndi thumba, kukatapa malasha pamilu, kuwasinja mumtondo wachitsulo, kusefa. Masiku anayi otsatirawo ankakhala pampando. Magetsi akazima pakati pa kuyesa, tsiku lonse linkapita pachabe. Ankangolemba kuti "magetsi", n'kudula mzere, mawa kuyambiranso. Lipoti ankalipereka ku ofesi mwezi uliwonse, mlembi n'kulilandira ndi manja awiri. Tsiku lina anaona lipoti lake litapindidwa kanayi, lili pansi pa mwendo wa tebulo kuti lisagwedere. Mwezi wotsatira anaperekanso lina.

Tsamba loyamba la buku lililonse ankalisiya lopanda kanthu. Chaka china anayesa mtovu wa m'batire ya galimoto, koma unasungunuka mwa apo ndi apo chifukwa ndi wosakaniza. Mizere yake inkatulukabe yowongoka, timadontho tinayi titandondozana bwino, ndipo ankadzilimbitsa mtima ndi zimenezo.

Kunyumba ankakhala ndi wailesi ndi mbuzi zitatu. Lamlungu kutchalitchi ankakhala kumbuyo, ndipo nthawi zambiri ankadzidzimuka akugogoda pabenchi, kuwerenga mphindi za ulaliki. Anthu sankamuda ayi. Ankangomuiwala poitana anthu ku ukwati, n'kumukumbukira pamaliro, chifukwa ankatha kukhala ndi anamfedwa tsiku lonse osasuntha.

Mu 2009 kunabwera kampani ina ndi magalimoto aakulu ngati nyumba. Anamanga malo atsopano oyezeramo malasha, oyera mbee, okhala ndi makina oziziritsa mpweya. Ku kanyumba ka Silvestre anatumizako Nilza Cossa, injiniya wachitsikana wa ku Maputo, kuti akaone ngati muli choti n'kusunga asanakagwetse.

Anamupeza ali pakati pa kuyesa.

"Odi muno."

"Dikirani, mwanangu. Khalani pakatonipo."

Nilza anakhala, natenga buku limodzi pashelefu pongofuna kutaya nthawi. Pamene Silvestre ankazimitsa kang'anjo patatha maola awiri, mtsikanayo anali atakhala pansi penipeni, mabuku atamuzungulira, fumbi lili thoo pathalauzi.

"Tiyu Silvestre, zonsezi mwalemba nokha?" anafunsa Nilza, akumutchula kuti amalume m'Chipwitikizi.

"Munalibe wina."

"Ndipo moto mukukweza ndi dzanja? Maola asanu ndi awiri?"

"Dzanja silivuta. Chimavuta ndi chikhodzodzo."

Nilza anaseka mpaka kugwira khoma. Silvestre anayang'ana kudenga, chifukwa sankadziwa kuti m'kanyumbamo mawu amabwerera choncho.

Mtsikanayo anamufotokozera kuti makina awo amachita zomwezo. Amakweza moto okha pa liwiro losiyanasiyana, ndipo m'malo mwa malo amodzi amayang'ana ulendo wonse wa ufawo, pamene wapsa pang'ono, pamene wapsa theka, mpaka kumapeto, paliponse n'kujambula mzere wake. Koma makinawo anabadwa dzulo. Sankadziwa mmene malasha amasinthira akagona padzuwa zaka makumi awiri. Zimenezo zinali m'mabuku makumi atatu a Silvestre, mulu womwewo woyesedwa chaka ndi chaka, ndipo Nilza anati sanamvepo kuti kwina kulikonse munthu anachitapo zotere.

Kwa masabata atatu ankabwera masana alionse, atanyamula buledi ndi zakumwa ziwiri. Ankakopera manambala m'kompyuta yake, uku akufunsa. Mulu uwu unachokera mbali iti ya mgodi? Bwanji chaka ichi munayesa kasanu? Silvestre ankakumbukira zonse, ngakhale mvula imene inagwa sabata imeneyo. Analankhula m'masabata atatuwo kuposa zaka khumi zapitazo. Anayamba kumeta ndevu Lachitatu, osati Loweruka lokha, ndipo anabweretsa mpando wachiwiri kuchokera kunyumba.

Tsiku lina Nilza anatsegula mabuku angapo n'kuwandandalika patebulo.

"Tiyu, mabuku oyambirirawa ali ndi nambala ya mtovu patsamba loyamba. Nanga kuyambira 1988 bwanji palibe?"

"Mtovu unatha."

Mawa lake Nilza anabweretsa kambulu ka mtovu woyesera makina atsopano. Silvestre anakaika m'kambale ndi manja ake, nayatsa. Iye anali pakachitsulo ndi pasingano yosonyeza kutentha, Nilza ali pakabowo. Singano inadutsa 280, inadutsa 300.

"Wasungunuka," anatero Nilza.

Singano inali pa 308.

Anadikira kang'anjo kazizire, nayesanso madzulo. Inabwerezanso 308. Waya uja unkanama ndi madigiri khumi ndi asanu ndi anayi.

Nilza anatembenuza pensulo m'manja.

"Mwina tikhoza kungowonjezera madigiriwo pamanambala onse," anatero.

"A chaka chiti? Unayamba liti kunama? Mu 1995 unkanama ndi angati? Pamoto wochepa umanama chimodzimodzi ndi pamoto waukulu?" Silvestre ankalankhula mosakweza mawu. "Mukudziwa nokha, injiniya. Madontho akasuntha, mzere umapendekeka mwina, ndipo masabata amene ndinkawauza aja si omwewo. Musandipepese ndi masamu abodza."

Anadzuka n'kuyamba kusankha yekha. Mabuku asanu ndi atatu, kuyambira 1980 mpaka 1987, anawaika patebulo. Makumi awiri ndi awiri otsalawo anawaunjika pansi pafupi ndi chitseko.

"Munkadziwa?" anafunsa Nilza.

"Ndinkaganizira. Ndinalibe woti ndimufunse."

"Koma mtovuwo unatha bwanji? Kambulu kamodzi pachaka sikakanatha botolo."

"Ndinamatira ndowa."

Nilza anadikira kuti apitirize, koma Silvestre anali akupukuta kambale.

Madzulo amenewo anatsekera mbuzi, nakhala pakhonde osatsegula wailesi. Ankayembekezera kuti mtima umupweteka chifukwa cha zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo unapwetekadi, koma osati mmene ankaganizira. Chimene chinkabwerabwera m'mutu mwake chinali chakuti mabuku asanu ndi atatu satenga nthawi kukopera. Zinaterodi. Nilza anamaliza m'masiku anayi. Pambuyo pake ankabwera mwa kamodzikamodzi, osati mwa mwano, koma ntchito inamuchulukira. Mpando wachiwiri uja Silvestre anaubweza kunyumba.

Kanyumbako anakagwetsa chaka chotsatira. Nilza anamulankhulira kwa akuluakulu, ndipo anamutenga ku malo atsopano aja kuti azisinja ndi kusefa malasha, ntchito imene palibe ankamuposa. Makina ankadziyendetsa okha. Munthu ankangoika timbale, kudina batani, n'kuchoka.

Kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi atatu, belu la nkhomaliro linalira iye ali ndi manja opanda kanthu. Anapita kunyumba yodyera, nalandira mpunga ndi nyama ya mbuzi, naima pakati pa matebulo mbale ili m'manja. Munali anyamata a ku Beira, a ku Nampula, ena a kunja, onse ovala zipewa zoyera, akukangana za mpira. Amene ankamutcha Dikirani aja, ena anamwalira, ena anabwerera kumidzi. Anakhala kumapeto kwa benchi. Mnyamata wina anamusunthira mchere mwaulemu, n'kutembenukiranso kwa anzake. Silvestre anamaliza kudya m'mphindi zinayi monga anazolowera, ndipo zotsalazo anasowa nazo chochita. Anabwerera kuntchito, nakokera mpando pafupi ndi makina, n'kumayang'ana mzere ukudzijambula wokha pagalasi.

Nilza anamupeza pamenepo.

"Tiyu, awa safuna mlonda."

"Ndikudziwa."

"Ndiye bwanji osakacheza ndi anzanu?"

"Ndikuona pamene malashawa ayambire kumwa mpweya. Awa ndi a kumpoto, sachedwa."

Nilza anaima naye pang'ono, mpaka foni inamuitana.

Pamabuku asanu ndi atatu aja Nilza analemba nkhani m'Chingerezi, ndipo inasindikizidwa kunja. Anamubweretsera, namumasulira ndime ya kumapeto imene inkamuthokoza. Silvestre anapempha kuti amulozere pamene pali dzina lake. Analiyang'ana, naona kuti alilemba bwino, nabweza pepalalo.

Anapuma ntchito mu 2012. Nthawi imeneyo mgodi unali utafika m'dera lawo, ndipo anthu anasamutsidwira ku nyumba zatsopano kutali ndi tauni, zofanana zonse, zomangidwa pamizere. Iye anapatsidwa ya kumapeto, pakati pa anthu amene sankawadziwa. Anapita ndi wailesi, mbuzi, mipando iwiri, ndi mabuku makumi awiri ndi awiri aja, amene anachita kuwapempha pamene akampani ankafuna kuwataya.

Nyumba yoyandikana nayo munkakhala Dona Faustina, mayi wamasiye amene ankakazinga nsomba n'kumagulitsa pamsewu. Tsiku lina mayiyo anasuzumira pakhomo kudzabwereka machesi, naona mulu wa mabukuwo pakona.

"A Fulede, mapepala onsewa ndi a ntchito? Ine nyuzipepala zokulungira nsomba zikundisowa kuno."

Silvestre anayang'ana muluwo nthawi yaitali. Kenako anatenga buku la 1988, naika rula m'mphepete, nang'amba masamba khumi.

Anatha m'masiku awiri, ndipo Dona Faustina anabweranso. Anawapatsanso khumi. Pofika ulendo wachinayi mayiyo anagwira m'chiuno.

"Bwanji osangondipatsa buku lonse, ndileke kukuvutitsani?"

"Masamba ena ndimafuna ndiwaonenso kaye."

"Muonamo chiyani? Manambala okhaokha ngati a ku chipatala. Dzulo wina wandifunsa ngati nsomba zanga zimayezedwa magazi."

Silvestre anaseka pang'ono, natulutsa mpando wachiwiri. Kuyambira pamenepo Dona Faustina amabwera tsiku lachiwiri lililonse chakum'mawa, asanayatse moto. Amakhala pakhondepo n'kumanena za mafuta amene akwera, za mpongozi wawo waulesi, za madzi a pamjigo amene akuwawa mchere. Silvestre sayankha zambiri. Amang'amba tsamba limodzilimodzi mosafulumira, n'kuliwerenga kaye asanalipereke, ndipo nthawi zina amanena kuti, "Tsiku ili magetsi anazima," kapena, "Apa kunagwa mvula ya matalala." Mayiyo amangoti, "Kodi?" n'kupitiriza nkhani yawo. Akachoka, iye amamasula mbuzi n'kupita nazo kutchire mpaka dzuwa lipendeke. Pakadali pano wafika pakati pa buku la 1994.